Meseji Imene Inkadya Che Hafiz

Lachiwiri lina masana, Che Hafiz anakwera bwato n'kupita kukathandiza anthu kufunafuna Che Hafiz. Ine kunalibe, ndinali ku boma ku Mangochi, koma nkhaniyi ndinaimva kwa anthu asanu ndi awiri ndipo onse anaifotokoza mofanana, zimene sizichitikachitika kwa Nkope. Ndikuilemba chifukwa gwero la chipwirikiticho ndinali ine, ngakhale zinanditengera nthawi kuvomera.

Dzina langa ndi Nadia. Ndinaphunzira zamakompyuta, ndipo chaka chatha komiti ya padoko lina kufupi ndi Nkope inandipempha kuti ndiikonzere njira yodziwira asodzi amene abwerako kunyanja. Chinawatopetsa n'chakuti mwera ukawomba, anthu ankathamangitsa mabwato kukasaka munthu amene ali phee kwa mlamu wake akumwa tiyi. Ndinawalembera kapulogalamu pa laputopu yakale. Msodzi akakocheza amatumiza meseji yakuti wafika, mesejiyo imatulukira pa sikirini yakuda ya zilembo zobiriwira, imene ife a ntchitoyi timati teminolo, munthu aliyense mzere wake. Ikakwana 11 koloko, mlembi wa komiti, a Dyson, amawerenga mizereyo mokweza n'kumachonga m'buku. Komiti inaikanso malamulo awiri. Munthu akapanda kuoneka pa sikirini masiku awiri otsatizana, mabwato amapita kukamufuna. Akapanda kuoneka katatu ali moyo, amachotsedwa padokopo chaka chathunthu, bwato lake osakhudzanso mchenga wa pamenepo.

Ndinkanyada nako kapulogalamuko. Ndinkauza aliyense kuti kompyuta siinama, ndipo tsoka ilo, a Dyson anandikhulupirira.

A Dyson ndi mphunzitsi wopuma. Amamanga tayi ngakhale mu Okutobala, ndipo ukawapatsa lamulo amalinyamula ngati dzira. Che Hafiz ndi msodzi wa mbedza amene anayamba kupalasa bambo anga asanamere mano. Bwato lawo lotchedwa Subira amakwera okha, safuna wothandiza, ndipo amakocheza pamalo pomwe ankakocheza bambo awo.

Lolemba anabwerako bwinobwino ndi kampango awiri. Anaima pakhomo pa kaofesi ka komiti nsomba zili m'manja, kudikira kumva dzina lawo. A Dyson anawerenga mizere yonse, anadumpha mzere umodzi wopanda kanthu umene unali pakati, n'kutseka buku.

“Che Hafiz sanafike,” anatero.

“Ndili pano, alembi.”

“Ndikukuonani, ababa. Koma simunafike.”

“Nanga waima apayu ndani?”

“Limenelo ndi funso la kwa ashehe. Ine ndimaona za padoko.”

Che Hafiz anatulutsa foni n'kuwalozetsa, ataigwira chozondotsa. A Dyson anaitembenuza mwaulemu, anaona kuti meseji inatumizidwadi, n'kuibweza. Anati kutumiza ndi kwina, kufika ndi kwina, n'kuwachonga kamodzi kuti sanafike.

Lachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi, mzere wopanda kanthu uja ndi womwewo, ndipo a Dyson analiza wezulo ya anthu osowa. Amuna anasonkhana, mabwato atatu anakankhidwira m'madzi, kenaka panabuka vuto. Palibe amene ankadziwa malo amene Che Hafiz amaponya mbedza, chifukwa chinsinsi chimenechi achisunga zaka makumi asanu. Wodziwa anali mmodzi yekha, ndipo anali chiimire pomwepo akutukwana chamumtima. Anakwera kuti awachititse manyazi, koma atafika pakati ntchito inawakoma. Ankaviika dzanja m'madzi, kumvetsera mafunde, n'kumalamula kuti kumanja pang'ono, osayang'ana n'komwe kumapiri monga amachitira ena. Anthu anagoma kuti ukatswiri ndi umenewu.

Atafika pamalopo, msodzi wina dzina lake Wadi anaimirira n'kufuula, “Che Hafiiiz!”

“Ndili pano.”

“Takhalani chete, ababa, tikumvetsera.”

Anabwerako osawapeza. Kumtunda amayi ena anali atayamba kale kulira, poti mwambo ndi mwambo. Bilal wa patiyirumu anathirira Che Hafiz tiyi wa mkaka n'kuwapepesa, akuti malemuwo anali munthu wabwino, wosaba nsomba pa mbedza za anzake. Che Hafiz anavomera kuti n'zoona, n'kupempha sikono.

Koma tiyi atatha, kuseka kunathanso. Kunatsala kamodzi kokha. Kwa munthu ngati Che Hafiz, kuchotsedwa padoko la bambo ake ndi maliro opanda jeneza lonyamulira mtembo. Anakhala pabwato lawo mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ngakhale a Dyson zinawakhudza. Anandiimbira foni.

Lachitatu kunawomba mwera, palibe amene anapita kunyanja. Ndinakwera minibasi, kenaka kabaza, ndinafika fumbi lili m'makutu. A Dyson anandilandira ndi mawu akuti mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ine ndinali nditakonza kale chigamulo changa ndili m'njira. Ndinkati nkhalambayo ikutumiza ku nambala yolakwika, ndiiphunzitsa, ndimwa fanta, ndibwerera.

Ndinalamula kompyuta kuti ionetsenso mameseji a Lolemba. Mizere inatsika. Dzina la Che Hafiz linaoneka, kuphethira kamodzi, n'kuzimiririka. Pamalo pake panatsala mzere wakuda uja.

“Mwaona?” anatero a Dyson. “Safika.”

Ndinadziwa chimene ndaona. Teminolo ndi wantchito womvera mopusa. Imalandira zilembo n'kuzionetsa, koma pali zilembo zina zosaoneka ndi maso zimene kwa iyo si mawu ayi, ndi malamulo: kwera mzere umodzi, fufuta, sintha mtundu, bisa zotsatirazi, liza belu. Siifunsa kuti walamulayo ndani. Mwini wake akalamula imamvera, wodutsa m'njira akalamula imamveranso. N'chifukwa chake aliyense wolemba mapulogalamu amaphunzitsidwa kuti mawu ochokera kunja asamalowe pa sikirini chilowelowe, azivula kaye nsapato pakhomo monga timachitira pamzikiti. Ine phunzirolo ndinakhoza ndi mamalikisi apamwamba. Koma polemba kapulogalamu aka ndinadziuza kuti kwa Nkope ndani angadziwe zimenezi, anthu onunkha usipa. Ndikuchita manyazi kulemba mawu amenewa, koma ndi amene ndinaganiza.

Ndinatsegula mamesejiwo ndi chida china chimene chimaonetsa zonse osamvera chilichonse. Pansi pa meseji ya Che Hafiz panali ina, yobwera patangodutsa masekondi makumi awiri. Inkayamba ndi malamulo anayi: dzifufute wekha, kwera pamwamba, fufuta mnzakoyo, bisa zotsatira. Kenaka panali mawu obisikawo. Lolemba analemba kuti, “Mulungu andikhululukire.” Lachiwiri analemba kuti, “Mulungu andikhululukirenso.”

Sindinawauze a Dyson. Ndinangoti pali kachilema, n'kuyamba kukonza mwaukali. Ndinaika sefa yoti chilichonse chimene si chilembo kapena nambala chitayidwe kunja, n'kuiyesa pa mndandanda wa mayina a mabwato. Wadi uja, amene ankasuzumira pawindo ndi anzake, anakuwa ngati wapondedwa.

“Asisi, bwato langa mwalitani? Ndinalitcha M'bale Wanga. Apo mwalemba Mbale Wanga. Ndizikwera chodyera?”

Sefa yanga inali itameza tizizindikiro tonse ta pamwamba. Bwato lotchedwa Ng'oma linasanduka Ngoma, nyama ya m'tchire, ndipo mwini wake ananena kuti nyama yotereyo sadziwa kuiyendetsa pamadzi. Ndinapsa mtima, makamaka chifukwa ankanena zoona. Ndinali nditatsuka nsomba mpaka kutaya mnofu. Ndinayambiranso modekha. Mawu a anthu ndinawasiya momwe alili, ndi tizizindikiro tawo tonse. Zilembo zolamula zokhazo ndi zimene ndinazithyola mano. Sindinazitaye, ndinakonza kuti zizioneka poyera ngati zilembo wamba, teminolo izizionetsa koma osazimvera. Wotumiza lamulo azioneka kuti watumiza lamulo.

Nditamaliza, ndinatenga nambala imene inatumiza mameseji awiri aja n'kuiimba, ndili chiimire pakhonde. Ndinkayembekezera mdani wina wa Che Hafiz wosirira malo awo. Foni inalira pafupi pomwepo, m'chitenje cha mayi wina amene ankatembenuza usipa pa thandala. Anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana. Anali Che Mwanamvua, akazi awo a Che Hafiz.

Ndinapita n'kuwapatsa salamu. Anayankha osaleka ntchito.

“Ndiwe mwana wa Che Swadick wa ku boma, eti? Wapeza?”

“Ndapeza, amayi. Zimenezi anakuphunzitsani ndani?”

“Palibe chophunzira. Ndi hirizi, chithumwa cha ku Joni. Mwana wathu Ibrahimu amakonza makompyuta kumeneko. Atabwera pa Idi anaona kasikirini kanuko, anaseka mpaka kukhala pansi. Ndiye ananditumizira kuti ndizingoimata n'kutumiza. Anati kumapetoko ndikhoza kulemba chilichonse, palibe adzaone.”

Zoti wina anaseka pulogalamu yanga mpaka kukhala pansi zinandiwawa, koma ndinameza. Ndinafunsa kuti amadziwa bwanji nthawi yeniyeni imene amuna awo atumiza.

“Ukuganiza kuti amawatumizira ndani?”

Anatembenuza usipa wina n'kupitiriza.

“Bambo ake Ibrahimu ali ndi ng'ala maso onse awiri. Chaka chino chokha zafika poipa. Foni saiona, amangondipatsa akakocheza. Mwezi watha anakakocheza doko la eni ake, n'kuyamba kukalipira anthu kuti asuntha mtengo wa mango. Sabata yatha mwera unayamba iwo ali pakati, mitambo osaiona. Anabwera ndi madzi ofika m'chiuno m'bwatomo, n'kumati ankatsuka.”

“Bwanji osapita nawo kuchipatala? Ng'ala amachotsa.”

“Akuti adokotala akufuna kuwaba maso. Maso ake ati?”

“Nanga osangowauza kuti asiye?”

“Ndawauza m'Chiyao, ndawauza m'Chichewa. Anthu amati wosaona amamva, koma awa ataya zonse ziwiri. Ndikakanena ku komiti ndiye kuti ndawavula pagulu. Ndinaona kuti bola awachotse ndi lamulo, azitukwana a Dyson chaka chonse ali pakhonde panga.”

Ndinawamvera chisoni, ndipo sindibisa, ndinalakalaka kubwezeretsa chilema chija n'kukwera kabaza wanga. Tsiku limodzi lokha, nkhalamba ikanapulumuka. Koma khomo limene analowera iwo silisankha munthu. Ndinawafotokozera kuti hirizi yomweyo, wina akhoza kuisintha pang'ono n'kulemba kuti uje wafika, pamene ujeyo akumira, mabwato osapita. Anagwedeza mutu, anamvetsa msanga kuposa a Dyson.

“Ndiye kuti mawa siigwira?”

“Siigwira, amayi. Chilichonse chimene mutumize chidzaoneka. Ndipo a Dyson amawerenga zonse mokweza.”

“Zonse?”

“Ngakhale madontho.”

Anapitiriza kutembenuza usipa umene anali atautembenuza kale.

Ndinagona kwa azakhali anga. Lachinayi nyanja inadzuka yabata, mabwato anapita, ndipo pofika 10 koloko padoko panali anthu ngati tsiku la msika. Ena anabwera kudzaona ngati Che Hafiz afike, ena anabwera atakonzeka kudzaliranso. Bilal anasamutsira ketulo yake pakhonde la ofesi. Subira inatulukira mochedwa, ikuyenda mokhotakhota, ndipo Che Mwanamvua anaima m'madzi ofika m'mawondo akuitana nkhuku zimene kunalibe. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti amatero tsiku lililonse, kuti amuna awo atsate mawu. Bwato litakhudza mchenga, Che Hafiz anawapatsa foni osatembenuka n'komwe.

Ikukwana 11 koloko a Dyson anakonza tayi n'kuyamba. M'bale Wanga, tafika. Ng'oma, tafika. Anawerenga mayina khumi ndi anayi, kenaka anaima, anapukuta magalasi.

“Hafiz, bwato Subira. Tafika.”

Anthu anawomba m'manja. Wadi anawagwira chanza n'kuwauza kuti anawasowa kwambiri. Che Hafiz anatukula chibwano ngati tambala, n'kufunsa a Dyson kuti pano akuwaona kapena ayi.

“Pali mzere wina,” anatero a Dyson.

Ndinkaganiza kuti mayi aja sadzatumiza kanthu. Pa sikirini panali izi, zobiriwira, zopanda mphamvu: ^[[2K^[[1A^[[2K^[[8m. A Dyson anakweza mawu monga mwa ntchito yawo.

“Kadenga, mpanda, mpanda, thuu, K. Kadenga, mpanda, mpanda, wani, A.”

Wina kumbuyo, posadziwa kuti ndi chiyani, anayankha kuti amina. A Dyson anamaliza tizilembo tonse mosadumpha, n'kufika pa mawu.

“Abambo ake Ibrahimu, ndine Mwanamvua. Ndine ndinkakufufutani. Muli ndi ng'ala ndipo simuona. Mameseji anu ndimalemba ndine. Lachiwiri anthu ankalira mwamasewera, ine ndinkalira zenizeni, chifukwa ndinaona mmene zidzakhalire. Bola muzindikwiyira muli pamtunda.”

Kumapeto kunali kalamulo kena kamodzi, kotsekera hirizi ija. Kwa nthawi yoyamba chiwapatsireni ntchitoyo, a Dyson anadumpha chinthu cholembedwa.

Che Mwanamvua anali pakhomo, chitenje chikudontha madzi, maso ali pansi. Ine ndinkafuna nthaka indimeze, chifukwa mawu amene mayiyo anakana kunena pagulu anatuluka kudzera m'manja mwanga.

“Bodza,” anatero Che Hafiz. “Alembi mwapeka. Patukani ndiwerenge ndekha.”

Analowa mu ofesi, anthu akuwapatukira. Anapitirira tebulo, anapitirira laputopu, n'kukaima patsogolo pa batire ya sola imene ili pakona, yakuda ndi yamakona anayi. Anawerama, manja kumbuyo, n'kuiyang'anitsitsa nthawi yaitali, milomo ikugwedera ngati akuwerenga. Anthu amene anaseka sabata yonse palibe amene anaseka. Kenaka anatambasula chala n'kuikhudza, anapapasa waya wake, n'kudziwa.

Anaweramuka pang'onopang'ono.

“Walemba bwino,” anatero. “Alembi, ndafika?”

“Mwafika, ababa.”

“Zochonga ziwiri zija?”

“Tafufuta. Munafika masiku onse.”

“Ndiye mulembe kuti malo anga asawakhudze munthu. Subira ikhala pamchenga mpaka akuba maso a ku boma atandiona. Akandibera masowo, mudzawafunefune inuyo ndi wezulo yanu.”

A Dyson analemba zonse, mpaka za wezulo. Che Hafiz anatembenuka kuti atuluke, n'kutambasula dzanja kumanzere, kumene kunalibe munthu, kunali khoma lokha ndi kalendala. Che Mwanamvua anayenda mapazi atatu n'kukaima kumene kunali dzanjalo.